Ulendo wa RV (galimoto kapena thirela yogonamo) kuchokera ku Edmonton mpaka ku Tuktoyaktuk: mafuta, matayala ndi masiku ake

Bambo a Tadala: Moni nonse akuluakulu. Tikukonza ulendo wa banja wopita kumpoto kwa Canada mwezi wa Julayi: ine, mayi akunyumba ndi ana awiri. Maganizo athu ndi kunyamuka ku Edmonton, kutsata Alaska Highway mpaka ku Whitehorse, kukwera ku Dawson City, kenako kulowa Dempster Highway mpaka tikaone nyanja ya Arctic ku Tuktoyaktuk. Galimoto ndi pikiapu ya petulo, thanki yake ndi ya malita 98, ndipo izikoka thirela yogonamo ya mamita 7. Tchuthi ndapatsidwa cha masiku 14. Inu amene mukuidziwa njirayi, ndiunikireni chonde.

Nabanda: Achimwene, tiyambe ndi masikuwo, chifukwa ndi pamene mapulani anu akuphwanyikira. Edmonton mpaka Dawson Creek, pomwe Alaska Highway imayambira, ndi makilomita pafupifupi 590. Kuchoka apo kukafika ku Whitehorse ndi 1,400. Whitehorse mpaka Dawson City 530, Dawson City mpaka Inuvik 775, ndiye 138 omaliza okafika ku Tuktoyaktuk. Kupita ndi kubwera mukukamba za makilomita pafupifupi 6,900, ndipo oposa 1,700 mwa amenewa ndi msewu wa dothi ndi miyala. Pa masiku 14 ndiye kuti makilomita 500 tsiku lililonse osapumako ngakhale limodzi, muli ndi ana kumbuyo. Pa phula zimatheka. Pa Dempster ndi thirela, liwiro lenileni limakhala 50 mpaka 60 pa ola, mvula ikagwa limatsikanso. Pemphani masiku 21. Mwa amenewo atatu musawapatse ntchito iliyonse, akhale ongodikirira msewu ukatsekedwa ndi moto wa m'nkhalango kapena feri yoolotsa magalimoto pa mtsinje ikaima. Akakukanani ku ntchito, ulendo uno ukathere ku paki ya Tombstone, pa kilomita 72 ya Dempster, ndipo nyanja mudzaione chaka china.

Gama Makaniko: Achemwali anena zoona. Ine ndilowe pa mafuta. Chigawo chovuta ndi chimodzi: Dawson City mpaka Eagle Plains. Dempster imayambira pa mphambano yomwe ili makilomita 40 kuchokera m'tauni ya Dawson, ndipo Eagle Plains ili pa kilomita 369. Pakati ponsepo palibe pampu, palibe sitolo, palibe mudzi. Ndiye werengani makilomita 410.

Pikiapu ya petulo yokoka thirela yotere imamwa malita 24 mpaka 28 pa makilomita 100 alionse. Titenge 26. Pa makilomita 410 ndi malita 107, pamene thanki yanu ndi ya 98. Mwaona kale kuti mafuta akutherani musanafike, ndipo apa sitinawerengere matope, mphepo yochokera kutsogolo ndi zitunda za mapiri a Ogilvie. Onjezani gawo limodzi mwa magawo anayi, zikukwana malita 133. Zigubu ziwiri za malita 20 zikungokufikitsani pakhomo penipeni, choncho tengani zitatu. Zikhale zigubu zovomerezeka za petulo, zomangidwa bwino kumbuyo kwa pikiapu, osati m'thirela momwe muli gasi ndi moto wa firiji.

Pa mphambano paja pamakhala pampu yolipira ndi khadi, yopanda munthu. Mukapeza ikugwira ntchito, dzazani, mwapindula makilomita 40. Koma masamu anu musawamange pa pampu imeneyo. Mukadutsa Eagle Plains zinthu zimapepuka: Fort McPherson ili makilomita pafupifupi 180 kutsogolo, Inuvik enanso pafupifupi 185.

Musakhulupirire nambala yangayi chabe. Musananyamuke, dzazani thirela ngati mmene idzakhalire pa ulendo, madzi ndi katundu yense, muyende makilomita 200, mudzazenso thanki ndi kuwerenga nokha.

Bambo a Tadala: Zikomo a Gama. Nanga pa Alaska Highway penipeni, zigubu zikufunikanso?

Gama Makaniko: Kawirikawiri ayi. Msewuwo ndi wa phula, ndipo m'chilimwe malo omwetsera mafuta amapezeka. Vuto lake ndi loti malo ang'onoang'ono a pakati pa Fort Nelson ndi Watson Lake, womwe ndi mtunda woposa makilomita 500, ena amatseka madzulo, ena anatsekeratu ngakhale chikwangwani chidakalipo. Lamulo ndi losavuta: singano ikafika pa theka, pampu yoyamba imene mwaiona ndi yanu. Pa bajeti, malita onse a ulendowu akhala pafupifupi 1,800. Mtengo umakwera mukamapita kumpoto, ndiye werengerani madola awiri pa lita kuti musadzidzimuke.

aZimba: Ndifunse funso limene ena akulizemba: thirelayo ikuyeneradi kukafika ku Arctic? Anthu ambiri odziwa njirayi amaisiya pa malo oimikapo ma RV ku Dawson City, n'kupita ndi pikiapu yokha, tenti ndi zofunda. Ku Eagle Plains kuli hotela, ku Inuvik ziliko zingapo. Popanda thirela galimoto imamwa malita 13 kapena 15 pa makilomita 100, nkhani ya zigubu yatha, matayala oti aphulike atsika kuchoka pa asanu ndi atatu kufika pa anayi.

Chifukwa chake n'chakuti thirela zambiri zogonamo anazipangira phula. Dempster ili ndi zigawo zokhala ndi timizere ngati malata, ndipo kugwedezeka kwa maola ambiri kumamasula chilichonse: zitseko za makabati zimathothoka, mapaipi a madzi amasweka polumikizira, mavavu otayira madzi akuda omwe amalendewera kunsi amaphwanyidwa ndi miyala yochokera ku matayala a pikiapu. Msewuwonso anaukweza pamwamba pa mulu wa miyala, malo ena kuposa mita, kuti kutentha kusasungunule nthaka youndana ya pansi. Ndiye m'mbali mwake ndi mofewa komanso motsetsereka. Tayala la thirela likangoponda m'mphepete, thirela imakoka galimoto yonse kugwera kunsi.

Nabanda: A Zimba, ine sindikuvomereza kwathunthu. Thirela zimafika ku Inuvik chilimwe chilichonse. Banja la ana awiri kugona m'tenti pakati pa udzudzu wa Julayi, m'dera la zimbalangondo, nalonso ndi vuto. Ndipo zipinda ku Eagle Plains n'zochepa, muyenera kusungitsa malo kudakali miyezi. Thirela ikhoza kupita, bola ikonzedwe ndipo woyendetsa akhale wodekha.

aZimba: Ikhoza, inde. Koma ayambe aona kulemera. Bambo a Tadala, tsegulani chitseko cha dalaivala, pa mphuthu pali kapepala kosonyeza makilogalamu amene galimoto ingasenze, anthu ndi katundu pamodzi. Pa pikiapu zambiri za msinkhu umenewu nambalayo imakhala pakati pa 600 ndi 900. Tsono werengani. Thirela ya makilogalamu 2,500 imatsamiritsa pa chokokera makilogalamu 250 mpaka 375. Anthu anayi, tinene 250. Chitsulo chokokera chokha 40. Zigubu zitatu zodzaza 50. Tayala lachiwiri la sipeya 35. Mwafika kale cha m'ma 700 musanaike jeke, zida ndi bokosi la zakudya. Galimoto yolemedwa ndi imene imaphulitsa matayala akumbuyo ndi kuthyola masipuling'i. Pitani pa sikelo ya malole mukapime ekiselo iliyonse payokha. Nambala ikakana, thirela itsale ku Dawson, palibe zokambirananso.

Gama Makaniko: Ngati ipita, nazi zoti zichitike ku Edmonton, osati panjira.

Matayala a pikiapu akhale a LT, olimba aja opangira magalimoto onyamula katundu, makamaka a mlingo wosenza zolemera wa Load Range E. Matayala amene galimoto zambiri zimabwera nawo kuchokera kufakitale ndi ofewa m'mbali, ndipo miyala ina ya pa Dempster, makamaka chakumpoto kwa Eagle Plains, ndi yoswekasweka yakuthwa ngati mpeni. Masipeya akhale awiri a pikiapu ndi awiri a thirela, onse ali pa marimu awo. Pa tayala lililonse la thirela yang'anani manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. Likapitirira zaka zisanu lisintheni ngakhale mano ake akuoneka atsopano, chifukwa matayala a thirela amafa ndi ukalamba, osati ndi kuyenda.

Mabering'i a thirela atsukidwe ndi kupakidwa girisi watsopano, ndipo munyamule seti imodzi yapadera pamodzi ndi kamphira kake kotsekera girisi. Panjira, mukaima paliponse, yandikitsani dzanja pa habu iliyonse. Kufunda n'kwabwino. Imodzi ikatentha kuposa zinzake moti simungaigwire, musapitirire.

Yesani jeke ndi sipanala pa thirela muli pakhomo. Nthawi zambiri manati a thirela ndi a saizi ina, ndipo jeke ya pikiapu siifika pa malo oyenera. Tengani jeke ya botolo ya matani 6 ndi thabwa lochindikala loika pansi pake, chifukwa pa dothi lonyowa jeke imangomira. Mukasintha tayala, mangitsaninso manati mutayenda makilomita 50. Onjezani pampu ya mpweya yolumikiza ku batire, zingwe zomatira pankchala, sefa ya mpweya yapadera, mafyuzi, waya, tepi yolimba ndi masikuluwu osiyanasiyana. Kumbuyo kwa pikiapu ikani mphira yotchinga miyala, ndipo mapaipi ndi waya za kunsi kwa thirela muzikulunge ndi zidutswa za mphira.

Tembo wa ku Calgary: A Gama, nanga zochepetsa mpweya m'matayala pa msewu wa miyala? Ena amati zimathandiza.

Gama Makaniko: Pa pikiapu yopanda katundu zimathandizadi, tayala limapinda pa mwala m'malo mobooka, ndipo kugwedezeka kumachepa. Koma pa galimoto yolemedwa ngati iyi, mpweya ndi umene ukusenza katunduyo. Mukauchepetsa kwambiri tayala limatentha m'mbali n'kuphulika. Akutsogolo mukhoza kuwatsitsa pang'ono, akumbuyo ndi a thirela asiyeni pa mlingo wolembedwa. Chotetezera matayala chenicheni ndi phazi lanu lakumanja.

Mayi Chirwa: Ndionjezepo za kayendetsedwe. Pa Dempster amathira mankhwala otchedwa calcium chloride kuti fumbi lichepe. Kukauma msewu umalimba ngati simenti, koma mvula ikangogwa umasanduka phala loterera ngati therere, ndipo thirela imayamba kuvina kumbuyo. Zikatero musalimbane nawo. Pezani malo okhotera, phikani, gonani, m'mawa mphepo ikhala itaumitsa. Masiku atatu aja a Nabanda ntchito yake ndi imeneyi. Matope amenewa amadyanso chitsulo, choncho mukafika ku Inuvik komanso pobwerera ku Dawson tsukani kunsi konse, mabuleki ndi malo olumikizira magetsi a thirela.

Malole akuluakulu onyamula mafuta ndi katundu wa ku Inuvik ndiwo eni msewu. Mukaona fumbi lawo patali, chepetsani liwiro mpaka 30 kapena kuima kumene, koma osatsikira m'mphepete mofewa muja. Mwala umaswa galasi chifukwa cha liwiro lanu ndi la lole pamodzi. Magetsi akhale oyaka usana wonse. Mupezanso zigawo zina zotakasuka, zowongoka bwino, zokhala ndi zikwangwani: amenewo ndi mabwalo a ndege zadzidzidzi, musaimepo kapena kugonapo. M'mapiri a Richardson, chakumalire a zigawo za Yukon ndi Northwest Territories pa kilomita 465, mphepo imatha kugubuduza ngakhale lole. Thirela ili ngati khoma, imagwira mphepo yonse. Funsani ku Eagle Plains musananyamuke.

Pa Alaska Highway choopsa ndi nyama. Kufupi ndi Liard River njati zotchedwa bison zimagona pa phula penipeni, ndipo usiku sizioneka chifukwa ndi zakuda. Ku Stone Mountain ndi Muncho Lake nkhosa zam'tchire zimabwera kudzanyambita mchere pa msewu, nthawi zambiri pokhota. Kuyenda usiku kumeneko n'kudziputira ngozi.

Bambo a Tadala: Za maferi ndamva pang'ono chabe. Zimayenda bwanji?

Nabanda: Mitsinje ndi iwiri ndipo yonse ilibe milatho. Woyamba ndi Peel, pa kilomita 539, musanafike ku Fort McPherson. Wachiwiri ndi Mackenzie, pa kilomita 608, pafupi ndi mudzi wa Tsiigehtchic. Maferi onse ndi aulere ndipo simusungitsa malo, mumangofika n'kudikira. Amayenda kuyambira chakumayambiriro kwa Juni mpaka chakumapeto kwa Okutobala. M'nyengo yozizira magalimoto amaoloka pa madzi oundana, ndipo pakati pa nyengo ziwirizi pamakhala milungu yoti palibe kuoloka konse. M'chilimwe momwemo, mvula ikagwa kumapiri, Peel imadzaza ndi kubweretsa zigobo za mitengo, feri n'kuima tsiku limodzi kapena angapo.

Pokwerera feri ndi pa dothi lounjikidwa ndi thalakitala, nthawi zina potsetsereka kwambiri. Thirela yaitali imakhula mchira pansi, ndiye lowani pang'onopang'ono, mopingasa pang'ono, mukutsata manja a ogwira ntchito. Tsekani masilinda a gasi musanakwere. Kumbukiraninso kuti m'chilimwe nthawi ya ku Northwest Territories ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya ku Yukon, kuopa kuphonya feri yomaliza. Za misewu ndi maferi onani pa tsamba la pa intaneti la 511 Yukon ndi pa tsamba la misewu la boma la Northwest Territories musanataye netiweki.

Tembo wa ku Calgary: Pa netiweki pomwepo. Mukangochoka ku Dawson foni imafa, ndipo musaiyembekezere mpaka ku Fort McPherson. Bwerekani kapena gulani kachipangizo kotumiza mauthenga kudzera pa setilaiti, monga Garmin inReach, ndipo wachibale mmodzi adziwe kumene mukugona usiku uliwonse. Mapu muwasunge m'foni, komanso mukhale ndi apepala.

Imbirani a inshuwalansi yokokera galimoto muwafunse mafunso atatu: kodi amakoka pa msewu wa dothi, amalipira makilomita angati, ndipo thirela ikuwerengedwa? Bulekidauni yochokera ku Dawson kukakutengani pakati pa Dempster ndi nkhani ya madola masauzande. Chimodzimodzi zachipatala: khadi la zaumoyo la Alberta, chigawo chomwe muli Edmonton, limathandiza kwa dokotala m'zigawo zina za Canada, koma silimalipira ambulansi kapena ndege yonyamula wodwala kunja kwa Alberta. Zipatala zili ku Dawson City ndi ku Inuvik, pakati pake pali kachipatala kakang'ono ku Fort McPherson. Gulani inshuwalansi ya paulendo ngakhale simukutuluka m'dziko.

Ndipo poti dzina la msewu likuti Alaska, ena amaganiza zolumphirako kudzera pa Top of the World Highway kuchokera ku Dawson. Uko ndi ku America. Ngati muli ndi pasipoti ya Malawi kapena Zambia, khadi la PR, lokulolani kukhazikika ku Canada, silikulowetsani, pamafunika viza. Njira mwasankhayi ubwino wake ndi woti yonse ili m'Canada. Chitsegulireni msewu wa Inuvik kupita ku Tuktoyaktuk mu Novembala 2017, munthu amafika pa nyanja ya Arctic ndi galimoto osadutsa chipata cha dziko lina.

Mayi Chirwa: Tsopano za m'nyumbamo. Makampu a boma la Yukon, monga Tombstone, Engineer Creek pa kilomita 194 ndi Rock River mukadutsa mzere wa Arctic Circle, poyambira dera la Arctic, womwe uli pa kilomita 405, ali ndi zimbudzi zokumba ndi nkhuni, koma alibe magetsi kapena potayira madzi akuda. Mudalira batire. Chimene chimaidya kwambiri ndi fani ya hita, pafupifupi ma amp 7. Batire wamba ya 100 Ah mumagwiritsa theka lokha ngati simukufuna kuipha. Hita ikayaka maola anayi usiku yadya 28 Ah, kuphatikizapo pampu ya madzi ndi magetsi, usiku wachiwiri mulibe kanthu. Ikani mabatire awiri kapena sola ya 200 W. Dzuwa ndiye lilipo lambiri: ku Inuvik limakhala masiku oposa 50 osalowa. Chifukwa cha chimenecho dulani makatoni otseka mawindo, apo ayi ana sagona. Onaninso kuti alamu ya utsi ndi ya carbon monoxide zikulira musananyamuke.

Madzi werengerani malita 10 munthu mmodzi patsiku ngati simukusamba shawa. Thanki ya malita 150 ikusungani masiku osakwana anayi, koma ndi makilogalamu 150 owonjezera pa masipuling'i. Madzi a m'mitsinje, ngakhale oyera bwanji, awiritseni. Fumbi limalowera pa timazenera ta firiji ndi pansi pa chitseko, ndiye zovala ndi zofunda zikhale m'mapulasitiki omanga.

Ufa gulani ku Edmonton, m'masitolo a zakudya za ku Africa, kumpotoko musauyembekezere. Koma tamverani apa. Mkute ndi makoko a m'poto musakokolorere mu sinki, amatupa ndi kutseka paipi, thanki n'kuyamba kununkha. Palani poto ndi chipande, pukutani ndi pepala, zonse zipite m'thumba la zinyalala lomanga, kenako m'mabini achitsulo a pa kampu. Osataya madzi otsukira mbale kuseri kwa thirela ngati kwathu. Usipa, kapenta ndi nsomba zouma zili ndi fungo limene chimbalangondo chimalimva kutali kwambiri, choncho zikhale m'mabotolo otseka bwino, m'kati mwa galimoto. Mbaula yowotchera nyama isagone panja. Gulani bear spray ziwiri, imodzi ikhale pa lamba wa munthu wamkulu nthawi zonse mukatuluka, osati m'kabati, ndipo ana asapite okha kuchimbudzi. Mankhwalawo ndi opopera kumaso kwa nyama ikayandikira, si odzola kapena opopera pa tenti.

aZimba: Za mwezi sitinakambe. Julayi ndi wofunda koma ndi mwini udzudzu. Ulibe malungo, komabe umabwera ngati mtambo moti mwana sangadye panja. Pamafunika maneti ovala kumutu, zovala zamanja aatali ndi mankhwala okhala ndi DEET kapena icaridin. Ndi nyengonso ya moto wa m'nkhalango ndi utsi. Kumapeto kwa Ogasiti udzudzu umachepa, zitsamba za ku Tombstone zimafiira, usiku umabwerera moti mukhoza kuona kuwala kwamitundumitundu kwa kumwamba kotchedwa aurora, koma kumazizira mpaka madzi kuundana, ndipo sinowo akhoza kugwa m'mapiri. Poti sukulu zimatsegulira chakumayambiriro kwa Seputembala, ine ndingasankhe kunyamuka pa 5 Ogasiti kapena chapompo.

Dziwaninso kuti mukudutsa m'dziko la eni ake: a Tr'ondëk Hwëch'in ku Dawson ndi Tombstone, a Gwich'in ku Fort McPherson ndi Tsiigehtchic, a Inuvialuit ku Tuktoyaktuk. Mukaona misasa ya nsomba m'mbali mwa Peel kapena pa gombe ku Tuktoyaktuk, ndi pakhomo pa anthu. Pemphani musanajambule, ndipo gonani pa malo okhawo amene mudziwo unapatula.

Bambo a Tadala: Mwandithandiza kwambiri, akuluakulu. Ndayang'ana kapepala ka pachitseko, kakuti makilogalamu 712. Matayala a thirela alembedwa 1918.

Gama Makaniko: Amenewo ndi a sabata ya 19, chaka cha 2018. Onse anayi achoke, ndi sipeya yomwe. Ndipo pa 712 paja, masamu a a Zimba akusonyeza kuti mwatsala ndi makilogalamu osakwana 20. Loweruka dzazani zonse ngati mukunyamuka, ana akwere, mupite pa sikelo. Mutitumizire manambala atatu: ekiselo yakutsogolo, yakumbuyo ndi ya thirela.